Wotsala Pamwamba pa Dzenje

Lena sanafune n'komwe kupita ku depoti yakale ya mabasi, koma bambo ake, a Bwezani, atamva kuti malowo agulidwa ndipo agumulidwa posachedwa, anaumirira kuti akawaone komaliza. Bambowo anagwira umakaniko kumeneko mpaka kampani itagwa. Tsono Loweruka m'mawa Cheryl, mng'ono wake wa Lena, anatulukira ku Chilenje, kumene Lena ankakhala ndi bambowo, pa galimoto yake yonunkhira, magalasi akuda atawakweza pamphumi ngati maso ake ali kumeneko.

Nkhani imene inali m'nyumbamo aliyense ankaidziwa. Cheryl ankafuna kuwatenga bambowo kuti azikakhala nawo ku Kabulonga, ndipo iwo anali asanayankhe. Lena zinkamudya mumtima. Iye ndiye ankawaphikira ndiwo zopanda mchere, kuwawenga zikhadabo ndi kupirira akamalalata pa nthawi ya mankhwala, koma wosekereredwa anali uyu wobwera kamodzi pamwezi ndi maapulo. Nsanje anali nayo, ndipo sankavutika n'kuibisa.

Mlonda anawatsegulira geti atamva kuti mkuluyo anagwirapo ntchito. M'katimo udzu unali wofika m'chiuno. Mabasi anali atakhala pa njerwa, opanda matayala, ndipo m'basi ina munamera mpapaya umene unatulukira pawindo. M'shedi yokonzera munkanunkhabe oyilo, nkhunda zikuuluka pansi pa malata obooka.

"Cheryl, bwela uone," anatero a Bwezani, akuloza basi ina. "Iyi yenze kuyenda ku Chelstone. Injini yake nenze kuichosa neka."

"Ba Dadi, mwenze na mphamvu ka," anayankha Cheryl, akuwajambula pafoni.

Nkhani ya injiniyo Lena anali ataimva kambirimbiri akutsuka mbale, ndipo palibe tsiku limene anaitanidwa kuti abwere aone.

Pakati pa shediyo panali dzenje lalitali la simenti, lomwe amakaniko ankalowamo pokonza basi chapansi. Masitepe ake anali atagumuka, moti kutsikamo kunafuna wina wokugwira dzanja.

"Nifuna kungena," anatero mkuluyo. "Iwe Lena, gwila ndodo, usale pamwamba. Cheryl, tiye tiseluke."

Cheryl anaponya foni m'chikwama n'kumupatsira Lena chikwamacho osamuyang'ana n'komwe. Lena anawatsitsa onse awiri, kenako anaima poteropo ngati msomali wokolekapo katundu. Pansipo kunkamveka kuseka. Bambo ake ankaonetsa Cheryl pamene ankaika nyale ndi pamene anathyokera chala, ndi mawu amphamvu amene Lena anali asanawamve chimwalirireni mayi ake.

Lena anasiya ndodo ndi chikwama pa mgolo, natuluka pageti. Tsidya lina la msewu anagula chimanga chootcha n'kuyamba kukukuta njere imodziimodzi mwadala. Aseke atope, anatero chamumtima, aone ngati maapulo amatulutsa munthu m'dzenje.

Pobwerera anapeza mlonda atagwada m'mphepete mwa dzenjelo, akuwakoka bambo ake m'khwapa, Cheryl akukankha chapansi uku akulira. Cheryl anali ataitana Lena mpaka mawu kusasa. A Bwezani anali atayesa kukwera okha n'kuterereka, ndipo thalauza linang'ambika pabondo, magazi akuyenderera. Anawakhazika pa tayala lakale.

"Wenze kuti?" anafunsa a Bwezani motsitsa mawu.

"Nenze panja," anatero Lena. "Ninaona monga simunifuna. Mwenze bwino na mwana wanu."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, mopanda ukali, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Lena.

"Pano, mwana wanga, wamene ungena naye pansi angankhale aliyense, olo mwana wa sukulu wobwela kuphunzila. Koma pamwamba susiya munthu wamba. Uja ndiye asunga makiyi kuti wina asalize basi iwe uli pansi, ndiye akuchosa ukasiliza. Nenze kusankha umozi chabe, wamene niziba. Zaka zonse nasebenza pano, palibe anachokapo."

Lena anathamangira ndodo ija n'kuwapatsa, natambasula dzanja kuti awadzutse monga ankachitira m'mawa uliwonse. A Bwezani analandira ndodoyo, koma dzanja linalo anakoleka paphewa la Cheryl, amene diresi lake linali bii ndi oyilo.

Anayenda pang'onopang'ono kudutsa mabasi aja, Lena akutsatira m'mbuyo. Atayandikira galimoto, mkuluyo anaima kuti apume.

"Cheryl, chija chipinda unakamba, chili pansi olo nichokwela masitepe?"

"Chili pansi, Ba Dadi."

"Chabwino. Tipitile ku Chilenje, nikatenge mankhwala na zovala."