Nkhumba za Aphunzitsi Lameck

Mu 1952 a mishoni anampatsa Lawson njinga, chipewa ndi udindo woyendera masukulu a kunyanja, ndevu zisanamere n'komwe. Ntchito yake yoyamba inali ya ku Lifuwu. Sukulu ya kumeneko inatsala ndi ana owerengeka, ndipo anamuuza kuti akapanda kuchuluka mvula isanagwe, aitseka.

Vuto analipeza tsiku lomwelo, ndipo inayamba kulipeza ndi mphuno. Aphunzitsi Lameck ankaweta nkhumba kuseri kwa kalasi, ndipo zinkagubuduka m'matope a pachitsime pomwe ana ankamwa.

"Sukulu sitidana nayo," anatero a Binali, msodzi wachisilamu, akusoka khoka. "Koma walahi, Tausi wanga sangamwere pamodzi ndi zimenezija."

Akanakhala mphunzitsi wina, Lawson akanangolamula. Koma a Lameck ndi amene anamgwira dzanja polemba zilembo zoyamba pamchenga. Mwana wadzulodzuloyu akawauze kuti chotsani ziweto zanu? Ankati akapita, n'kubwerako atangokamba za dzuwa ndi nyamakazi. Manyazi anamgwira, mantha nawonso.

Tsiku lina atafika kwa a Lameck, anavula chipewa chija, nakhala pansi.

"Bambo, mwezi wamawa ndikukwatira Dailes wa ku Khombedza. Bambo anga kulibe, mukudziwa. Anthu adzadya chiyani?"

Dailes mwini wakeyo za mwezi wamawazo anali asanazimve.

A Lameck anacheukira nkhumba zawo. "Ukufuna zingati?"

"Zonse, bambo. Abale a Dailes ndi ambiri, ndipo pakudya sachita manyazi."

Dailes anakalipa, kenako anavomera. Paukwatipo anthu a ku Khombedza anadya mpaka kumasula malamba. Ukwati utangotha, Lawson ndi asodzi anakwirira chitsime chakale n'kukumba china.

Lolemba lake Tausi anafika, kumbuyo kwake kuli mzere wa ana a kugombe. Mipando inachepa, ena anakhala pansi. Za kutseka sukulu palibenso anazitchula. Lawson anaima pawindo, chimwemwe chitadzaza mumtima, akumvera phokosolo.

A Lameck anatuluka, manja ali mbuu ndi choko.

"Ukanati ndizichotse, ndikanakana," anatero motsitsa mawu. "Koma ndinali nditatopa nako kuphunzitsa mipando."

Kenako anawongoka, nakweza mawu kuti ana onse amve. Aka kanali koyamba kumutchula chonchi.

"A oyendera masukulu, mwaona nokha. Mutipezere bolodi lina."