Mphindi Zinayi za Bambo Anga

Nditatsegula chivundikiro cha kumbuyo kwa wotchiyo, ndinachitsekanso msanga.

"Mwaonamo njoka kodi, mayi Lenora?" anaseka a Wendell Pruitt, atatsamira patebulo la shopu yanga. "Ndi ya malemu bambo anga, yam'thumba, ya anthu a njanji. Osonkhanitsa zakale akuilimbirana, koma akufuna kalata yanu yonena mbiri yake."

Mbiriyo tonse m'katauni kathu ka ku Ohio tinkaidziwa. Mu 1951 sitima imene bambo awo ankayendetsa inachedwa ndi mphindi zinayi kupatukira inzake, ziwirizo n'kuwombana pamlatho. Anthu anati anali ataledzera. A Wendell anakula akutchedwa mwana wa chidakwa.

Ife okonza mawotchi tili ndi mwambo. Ukamaliza ntchito, umalemba ndi singano dzina ndi tsiku m'kati mwa chivundikiro, tizilembo toti popanda galasi sungatione. Tomaliza m'menemo tinali ta bambo anga, O.H., dzulo lake la ngoziyo. Kamsomali kogwira kachitsulo kolamula liwiro la wotchi kanali kosamanga, vuto loti likhoza kuichedwetsa. Bambo anga omwe aja, amene ankandimenya zala ndikaiwala kumanga kamodzi kokha.

"Bwerani mawa," ndinatero. "Ikufunika kutsuka."

"Musachite kuiyeretsa kwambiri. Osonkhanitsa aja amakonda litsiro."

Atangotuluka, dzuwa lili pamutu, wotchiyo inayamba kugunda yokha, popanda woipukusa. Za mizukwa sindizikhulupirira ine, koma sindinama, ndinachita mantha. Poiyerekeza ndi yapakhoma, inali m'mbuyo ndi mphindi zinayi. Ndinamanga kamsomali kaja, n'kuilungamitsa. Inabwereranso pomwepo.

Ndikananena zoona, dzina la bambo ake a Wendell likanayera, la bambo anga n'kuda. Ndinatenga tupa n'kupala tizilemboto mpaka golide anasalala.

Mawa lake a Wendell anabwera chakumasana, atavala jekete la kutchalitchi.

"Mwapezamo chiyani, achemwali?"

"Palibe. Ndi wotchi yabwinobwino."

Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti anali ataledzeradi mdala uja," anatero chapansipansi, n'kuilowetsa m'thumba.

Pomwepo belu la tchalitchi linayamba kulira kuti yakwana 12 koloko. Mawotchi makumi atatu apakhoma langa, amene amaliyankha tsiku lililonse, anangoti zii. Onse ankati kwatsala mphindi zinayi. A Wendell anawayang'ana, kenako anayang'ana ine, ndipo tinaima chiimire, tikudikira.