Dzanja la mu Vidiyo

Foni ya Nyarai inkayenda m'manja m'manja pamzere wodikira sikelo, madengu a tiyi ali pansi. Mu vidiyomo munali mwamuna wogwira ntchito m'boma ku Harare, nkhope ataiphimba, mawu atawasintha ngati a munthu wolankhulira m'ndowa. Ankaulula akuluakulu ena amene anagulitsa feteleza wa alimi. Apolisi ankamusaka, ndipo chigwa chonse cha Honde chinkawathandiza kusakako ndi pakamwa.

"Akuti ndi wa ku Chipinge," anatero Nyarai.

"Bodza," anayankha Tongai, kapitawo. "Ndi mphunzitsi wakale wa ku Hauna."

Miriamu analandira foniyo mosafuna. Za boma analibe nazo ntchito. Chimene ankafuna ku Harare chinali mwana wake Desmond, amene anangoti zii chaka chathachi, foni osaimba, pa Khirisimasi osabwera. Ankamusowa mpaka chakudya kukana kutsika.

Mwamunayo anali atakhala pafupi ndi mpanda wa maluwa. Pakamwa pakulankhula, dzanja linali pa ntchito yakeyake: kubudula nsonga, masamba awiri ndi kamphukira, n'kuponya kumbuyo podutsa paphewa, m'dengu loti kulibe. Ndiye kachala kakang'ono kaja, kotukuka ngati ka dona akumwa tiyi! Miriamu anakamenyapo kangati kachala kameneko, pomuphunzitsa kuthyola sukulu ikatsekera?

Ndi Desmond! Ali moyo. Dzanja laonda, koma ali moyo. Anafuna kuipsompsona foniyo, kuuza mzere wonse kuti wolimba mtima ameneyu anamubereka kumsana ndi iye.

Tongai anasuzumira paphewa pake.

"Taonani dzanjalo. Ameneyu anakulira pa esiteti. Mwana wa m'tauni sathyola chonchi." Anayang'ana Miriamu. "Mai Desmond, wanu uja sali m'boma kodi?"

Mzere wonse unacheuka. Tongai mlamu wake ndi wapolisi, ndipo pakamwa pa Tongai sipagona nkhani.

Miriamu anaseka, kuseka kochita kukumba.

"Desmond? Chimlesi chija? Chibadwire sanakhudzepo tsamba la tiyi. Ankati ntchito ya amake ndi yonyansa. Ine ndinamuiwala kalekale ameneyo."

Ena anaseka, ena anapukusa mitu pomumvera chisoni. Nkhani inasamukira kwa mwana wa abusa, amenenso akuti ali m'boma. Koma Miriamu ankadziwa kuti wamunamizira mwana wake, chifukwa Desmond ankadzuka mbandakucha kumusenzera dengu.

Nyarai anamuyandikira.

"Mbuya, ndikutumizireni pa foni yanu? Ndaona mwaikonda, maso osachotsa."

Akanaionera mpaka maso kutupa. Koma ngati Nyarai waona, mawa aona enanso.

"Ayi mwanangu. Ndichite naye chiyani munthu wosamudziwa?"

Anabweza foniyo vidiyo isanathe, dzanja likadathyola. Anawerama n'kunyamula dengu lake, ndipo anachedwa dala kuweramuka kuti asamuone nkhope.