Mfundo za a Merle Pansi pa Mlatho

A Merle Tollefson anagwira ntchito ku positi ofesi mpaka tsitsi lonse linayera, ndipo anapuma ali ndi luso limodzi lokha lonyadira: kumanga katundu kuti asagwedezeke. Akazi awo, a Lorna, atapuma uphunzitsi anapeza zawo. Tsiku lina nyengo yotentha, mnzawo wa kutchalitchi anawaimiritsa pa thabwa losewerera pa funde limene boti limasiya m'mbuyo, ndipo kuyambira pamenepo mayiwo sanafunenso kumva za maluwa kapena zoluka. Ankadzuka m'madzi atagwira chingwe, n'kuchiponya m'boti, n'kumangotsetsereka pafundepo manja ali m'chiuno, munthu wa zidzukulu.

A Merle nawo anayesa. Madzi a m'nyanja ya kwawo ku Minnesota amene anamwa chaka chimenecho akanathirira dimba lonse, ndipo ulendo wina kabudula anawatsalira m'madzi iwo akukokedwa chafufumimba. Zitatero anaona kuti n'kwabwino kugawana ntchito: a Lorna azikwera matabwa, iwo aziyendetsa boti ndi kusunga matabwawo. Ankadziseka okha kuti panyanja yonseyo panalibe wodziwa kugoneka thabwa kuposa iwo, kungoti kuliimirira n'kumene kunawakanika.

Ndipo ankasungadi. Thabwa likangotuluka m'madzi ankalipukuta ndi thaulo lakelake, n'kulilowetsa m'thumba lofewa kuti dzuwa lisalifufumitse, zipsepse zake zapansi zitaloza kunja kuti zisakande linzake. Pamwamba pa boti panali chitsulo chopindika ngati uta, ndipo mbali zonse ziwiri chinali ndi mphanda zopachikamo matabwa. Mphandazo zinali zozungulira: pofuna kupachika unkazitembenuzira m'kati mwa boti, ukamaliza n'kuzikankhira kunja kuti anthu asagunditse mitu. Zinabwera ndi zingwe zake zamphira, koma a Merle sankazikhulupirira. Ankawonjezera malamba awoawo, pamwamba pake n'kukulunga chingwe cha mfundo zimene munthu wina aliyense ankalephera kumasula.

Munthu akamasewera pafunde pamafunika wina wokhala kumbuyo kwa boti kuti azimuyang'anira, ndipo ntchito imeneyo inali ya a Vern Aasen, mlimi wopuma woyandikana nawo nyumba, amene akazi awo anamwalira kalekale. A Vern analibe boti, kusambira sankakukonda, koma Loweruka lililonse ankafika padoko ndi kathumba ka soseji, tchizi ndi kampeni, n'kukhala pansi kudikira zoti aseke.

Loweruka lina la mu Julaye a Lorna anadzuka akuimba. Thabwa lawo latsopano, limene analiitanitsa nyanja ikadali youma gwa ndi chisanu, linali litafika mkati mwa sabata, lopepuka moti ankalinyamula ndi dzanja limodzi. Amayi anzawo osewera pamafunde anapangana kukumana kunyanja ina yoyandikana nayo, ndipo a Lorna ankafuna kukaliyesa anzawowo akuona. A Merle analilandira ndi manja awiri, analiveka thumba, analipachika kumphanda ya kumanja, n'kuyamba kumanga. Anamanga, anakoka, anagwedeza, anamanganso.

"Merle, thabwali ukulimanga chonchi lapha munthu?" anafunsa a Vern ali mkati motafuna.

A Merle anayankha osatembenuka kuti munthu amene ntchito yake ndi kukhala pansi asamalowerere za anthu ogwira ntchito. A Lorna anangoyang'ana wotchi.

Nyanja ziwirizo zimalumikizidwa ndi kangalande kopapatiza kodutsa pansi pa mlatho wakale. Pakati pa nsanamira zake zasimenti pamadutsa boti limodzi basi, ndipo Loweruka pamakhala mzere. A Merle anali atadutsapo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse asanafike pamlathopo ankaimirira n'kutembenuzira mphanda m'kati. Tsikuli akudikira pamzere, diso lawo linagwera m'boti limene linali pambuyo pawo. Linkayendetsedwa ndi mayi wina wojintcha, wofiira mapewa ndi dzuwa, ndipo m'botimo matabwa anali mbwee pansi, lina pamwamba pa linzake, opanda thumba, opanda lamba. Pa limodzi panagona galu.

Mtima wa a Merle unawawa ngati matabwawo ndi awo. A Lorna anawaona akutsegula pakamwa ndipo anawatsinzinira, koma mawu anali atanyamuka kale. Anafotokozera mayiyo mwaulemu wonse kuti thabwa losamanga ndi mpeni, boti likangogunda funde limauluka n'kudula munthu mwendo. Kuti dzuwa limafufumitsa khungu la thabwa. Kuti zikhadabo za galu n'zoopsa kuposa miyala. Mayiyo ankangogwedeza mutu n'kumathokoza. Boti la kutsogolo litadutsa, a Vern ananena kuti njira yatseguka, ndipo a Merle anakankha injini pang'ono, nkhope ikadali chammbuyo, chifukwa panali mfundo imodzi yokhudza zipsepse imene anali asanaimalize.

Panamveka kuti thyo, ngati nthambi youma.

Mphanda inali ikadali kunja, ndipo mphuno ya thabwa latsopano inagunda nsanamira. Likanakhala pa zingwe zamphira zokha mwina likanapulumuka, n'kugwera m'madzi lathunthu, n'kungonyowa. Koma linali m'manja mwa mfundo za a Merle, ndipo mfundozo zinagwira ntchito yake mokhulupirika. Thabwa linalibe kothawira. Linapindika, linathyoka m'thumba momwemo, thumbalo n'kukodwa pa chitsulo chotuluka m'nsanamira. Boti linatembenuka pang'onopang'ono mpaka linapingasa ngalande yonse, n'kuima.

Pamwamba pa mlatho panali anthu oweza nsomba ndi ena ongodya ayisikilimu. Onse anasuzumira pansi. Maboti a mbali zonse ziwiri anazimitsa nyimbo kuti amve bwino. A Merle anakwera m'mphepete mwa boti, dzanja limodzi atagwira chitsulo, linalo likulimbana ndi chingwe. Koma kukoka kwa boti kunali kutalimbitsa mfundo zija mpaka zinasanduka timiyala. Anayesa ndi zikhadabo, anayesa ndi mano. Thukuta linatsika pachipumi, magalasi awo a maso anatsetsereka pamphuno, ndipo anawamva akuti chubwi m'madzi obiriwirawo. Anaima pamenepo, khamu likuwaonerera, akuganiza kuti pa moyo wawo wonse sanamangepo chinthu molimba chotere, ndipo kuti zinali zomvetsa chisoni kuti panalibe woti awayamikire.

A Vern anapukuta kampeni kawo ka tchizi pa buluku, anaimirira mosafulumira, n'kufunsa ndi mawu a pamaliro: "Ndidule, kapena tidikire nyanja iume tipite wapansi?"

"Dula," anatero a Merle.

Boti litamasuka, anthu a pamlatho anaomba m'manja. A Merle anakweza dzanja kuwathokoza, chifukwa sanadziwe china choti achite nalo.

Atatulukira kunyanja inayo a Vern, amene anagwira chiwongolero pochoka pamlathopo, anazimitsa injini. A Lorna anaimirira. Anatsitsa thumba, analitsegula, anayang'ana mphuno yolendewera ndi chinkhupule choyera cha m'kati chimene chinali poyera, anachigwira ndi chala, n'kutsekanso. A Merle anayamba kupepesa, kenaka anapezeka akukamba za guluu ndi za munthu wina wa m'tauni wodziwa kumata matabwa, ndipo pamene ankalankhula kwambiri m'pamene mawu awo ankamveka ngati a munthu wogulitsa mankhwala pamsika. Anasiya.

Boti la mayi wojintcha uja linafika pambali. Mayiyo anadzitchula kuti ndi Jolene, anathamangitsa galu pathabwa, analipukuta ubweya ndi chikhatho, n'kulipereka kwa a Lorna. Linali lokandikakandika, lakuda m'mbali, koma lathunthu. Anati alibweze madzulo padoko lothirira mafuta m'maboti, palibe changu. Kenaka anayang'ana a Merle, nkhope ili phee.

"Koma musalimange, bambo. Silinazolowere."

Popanda magalasi a Merle sakanatha kuyendetsa boti, choncho a Vern, amene anazolowera thirakitala, anakhala pachiwongolero, a Merle n'kupita kumpando wa kumbuyo. A Lorna anavala jekete yawo yoyandamitsa yofiirira, anakhala m'mphepete miyendo ili m'madzi, ndipo asanalowe anatembenuka.

"Thabwa likonzedwa, Merle, kapena lidzabwera lina. Zimenezo sizikundiwawa kwenikweni. Koma mukudziwa kuti zaka zonsezi simunandionepo ndikusewera? Ndikayang'ana pagalasi la kutsogolo ndimapeza maso anu ali pamalamba."

A Merle anafuna kukana, koma anakumbukira kuti galasi loonera kumbuyolo anachita kulipendeketsa dala kuti lizionetsa mphanda. Anangoti ayang'ana tsopano. A Lorna anawakumbutsa kuti tsopano alibe maso, n'kudziponya m'madzi.

Boti linanyamuka mokhotakhota, funde linatukuka, ndipo chimene a Merle anaona chinali chinthu chofiirira chosaoneka bwino chitaima pa kaphiri koyera. Anatong'ola maso mpaka misozi. Chinthucho chinkakwera pamwamba pa funde, kutsika, kutsalira kumbuyo mpaka kuchepa, n'kubweranso mothamanga pafupi moti madzi ankawawaza kumaso. Kenaka anamva kuseka. Ali kutsogolo injini inkawatsekera zonse, ndipo sankadziwa kuti akazi awo amaseka chotere akakhala pafunde, mokweza, mwachibwana, ngati mmene ankasekera asanakwatirane. Anagwira m'mphepete mwa mpando.

Amayi anzawo a Lorna anali atayandikira ndi maboti awo. Mwadzidzidzi chinthu chofiirira chija chinawerama, chinagwira madzi, n'kuzungulira. Amayi aja anakuwa onse pamodzi. A Merle anadzambatuka pampando.

"Wagwa! Vern, ima, wagwa!"

A Vern anadula injini nthawi yomweyo. Funde linaphwa. Ndipo a Lorna, amene sanagwe ayi, koma anali atangozungulira ndi thabwa kwathunthu n'kuimanso bwinobwino, chinthu chimene anakhala akuchiyesa kuyambira chaka chatha osachitha, anamira pang'onopang'ono ali chiimire, manja akadali m'mwamba posangalala, mpaka panangotsala mutu ndi jekete.

A Vern anafotokoza zimene zachitika akupukuta misozi ya phwete. A Merle anagwada kumbuyo kwa boti kudikira chiweruzo. A Lorna anasambira mpaka pafupi, anagwira m'mphepete, akupuma mwawefuwefu, n'kufunsa ngati aona.

"Ndaona chinthu chofiirira chikuzungulira," anatero a Merle. "Ndimayesa mukufa."

A Lorna anayamba kuseka, anaseka mpaka anameza madzi, anatsokomola, n'kuwamwaza madzi kumaso ndi dzanja. Anawauza kuti aponye chingwe, ndipo ulendo uno atseke pakamwa mpaka atamva iwo eni akuitana. A Merle anaponya chingwe, chinakagwera kutali ndi munthu, ndipo a Vern anachita kuzungulira ndi boti kuti chimufike. Masana onsewo a Lorna anayesanso kuzungulira koma sizinathekenso. A Lorna atagwadi, a Merle anayamba afunsa a Vern ngati kumeneko ndiye kugwa, n'kupeza kuti boti laima kale.

Madzulo a Merle anakabweza thabwa la a Jolene losapukuta, chifukwa a Lorna anawalanda thaulo. Munthu wa m'tauni uja analimatadi thabwa latsopano, linabwerako lalifupi pang'ono, lili ndi chipsera chotuwa pamphuno, ndipo a Lorna anati limayenda bwino lomwe. Magalasi ena anafika sabata yotsatira, koma a Merle sanabwerere pachiwongolero. A Vern anayendetsa mpaka masamba atayamba kufiira, mokhotakhota, akudandaula Loweruka lililonse kuti iwo sanalembedwe ntchito imeneyi ndipo soseji yawo ikudyedwa ndi munthu wina. A Merle ankakhala kumbuyo, atanyowa mpaka m'makutu, khosi litapsa ndi dzuwa. Chakumapeto kwa Ogasiti a Lorna anazunguliranso, ndipo a Merle anaimirira kuti aombe m'manja, n'kugunditsa mutu pachitsulo.