Kapaipi Kamene Anadya Makoswe

Custódio, mesitiri wokonza magalimoto, anagona chagada pansi pa galimoto ya a Dona Benvinda, mwaye ukumugwera m'maso. Aka kanali kachiwiri galimotoyo kubwera ku ofisina, galaja yake ya ku Ulongwe, ndi matenda omwewo: kanyali kachikasu kochenjeza kakuyaka, injini ikufooka pachitunda ngati ng'ombe ya m'chilimwe.

Ulendo woyamba sanalowe n'komwe pansi. Anangomvetsera kulira kwa injini n'kunena za dizilo kuti, "Gazolyo woipa uyu, amusakaniza ndi palafini." Mawu ochepawo anachotsetsa ntchito Alcides, motorista, woyendetsa galimotoyo, amene anatuta mbatata za mayiwo kuchokera ku Domwe kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mbiri inawanda kuti amagulitsa mafuta abwino n'kuthira achinyengo. Lilime ndi kachiwalo kakang'ono, koma limayatsa nkhalango.

Lero Custódio anabwereka makina oyezera, ndipo makinawo analoza ku sefa ya utsi. Ataimasula anaipeza yoyera, yosatseka. Analondola timapaipi tiwiri ta labala tochokera pa sefayo kupita ku sensori, kachipangizo kamene kamayeza mphamvu ya utsi n'kuuza injini. Kamodzi kanali kobooka, m'mbali mwake muli zipsera za timano. Pafupi panali gaga ndi zitosi za makoswe. Sensori inkalandira uthenga wabodza, nayo n'kumanamiza injini.

Anatuluka pang'onopang'ono, kapaipiko kali m'manja.

"Mayi, galimotoyi imagona kuti?"

"M'nyumba yosungira chimanga muja. Bwanji?"

"Mbava yanu ndi imene inaluma apa. Alcides sanalakwe. Wolakwa ndine, ndinaweruza mlandu ndi khutu."

A Dona Benvinda anakayang'ana kapaipiko osakagwira. "Ikani katsopano, a mesitiri. Ndikuchedwa kumsika."

"Nanga Alcides?"

"Edmundo, mlamu wanga, anayamba kale kuyendetsa. Mukufuna ndimuchotse? Ndiime pamaso pa anthu ndinene kuti khoswe anandipusitsa? Pajatu mawuwo anali anu."

Kukonzako sikunathe n'theka la ola lomwe. Kanyali kanazima, galimoto inakwera chitunda ikuimba.

Custódio anasamba m'manja katatu, koma mwaye sunachoke m'zikhadabo. Anayesa kung'ung'udza nyimbo ya kulapa imene anaphunzira ali mwana ku mishoni ya Fonte Boa, koma anailekeza panjira. Anatseka ofisina masana omwewo, napalasa njinga ulendo wa ku Lifidzi, kwawo kwa Alcides.

Anapeza Joaquina, mkazi wa Alcides, akupuntha nyemba pabwalo.

"Bambo alipo, mayi?"

"Anapita ku Tete Lachiwiri, kukafuna ntchito kumene samudziwa. Kuno ndani angapatse makiyi mbava?"

Custódio anavula chipewa, nafotokoza zonse: sefa, sensori, makoswe, ndi pakamwa pake pomwe. Mayiyo anamvetsera, ndodo ili m'manja.

"Ndabwera kudzapepesa."

"Mwapepesa," anatero Joaquina. "Koma tsiku lija munalankhula pamsewu, anthu ali bii. Lero mwabwera kudzanong'oneza nyemba zanga. Nyembazi sizinamunenepo kuti ndi mbava."

"Ndikanena kutchalitchi Lamulungu, pamaso pa onse."

"Mukanene. Mulungu adziwa kale, enawo adzati mwangomumvera chisoni Alcides. Madzi akatayika saoleka, a mesitiri."

Anawerama n'kuyambanso kupuntha. Custódio anaima pomwepo, chipewa chili pamtima, makoko akuulukira pa nsapato zake. Kuseri kwa nkhokwe tambala analira, dzuwa likadali pamwamba.