Envulopu ya Nambala 73

Ukwati wa mng'ono wanga unatsala ndi masabata awiri, ndipo ntchito ya maenvulopu oitanira anthu inagwera ine. Kukhala mwana wapakati ndi tsoka: ntchito iliyonse yopanda mwini imakudziwa dzina. Mkwatibwi anali kwa telala, amayi anali pakhonde atasanjika miyendo yawo yotupa pakampando, ine ndili m'kachipinda ka malemu bambo, kulimbana ndi pulinta yomwe inali isanayatsidwe kwa zaka zinayi.

Bambo anali kalaliki moyo wawo wonse, ndipo ukalalikiwo sanausiye ku ofesi. Pakhoma, pamwamba pa kompyuta, panali pomata kakhadi kolembedwa ndi dzanja lawo: yamba wayesa papepala wamba, lowetsa envulopu imodziimodzi, kumaso pansi, chotsekera kumanzere, kuthamanga sikufika. Ndinawerenga n'kutsonya. Ndinaika inki yatsopano, n'kulowetsa maenvulopu asanu nthawi imodzi. Awiri anatuluka zilembo zili chadodolido, imodzi italembedwa kumsana, ena awiri makina anawatafuna ngati mbuzi. Ndinayang'ananso kakhadi kaja, manyazi atandigwira, ngati mwini wake waima kumbuyo kwanga.

M'kompyutamo munali mndandanda wa maadiresi umene bambo ankausamala kuposa mmene ankatisamalira ife. Dzulo lake ine ndi amayi tinali titaukonza: kufufuta omwalira, kuwonjezera a kuchimuna. Anatsala maina 72. Panalinso kabokosi ka dzina la wotumiza, lija limalembedwa pakona yakumtunda. Munali mudakali dzina la bambo. Ndinalifufuta n'kulembamo la amayi, ndipo sindinama, chala chinalemera.

Dzina limodzi silinali pamndandandawo, la achimwene anga, oyamba kubadwa. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo anasiya koleji n'kuyamba kuyendetsa malole. Bambo anawauza patebulo, tonse tikudya, kuti m'nyumba muno mulibenso mwana wamwamuna. Atatha kudya anasamba m'manja, kulowa m'kachipinda komweka, n'kufufuta dzinalo. Achimwene anachoka mawa lake, osabwereranso. Tinawasaka pamaliro a bambo, sitinawapeze. Nambala yawo inali itafa kalekale. Chiyambire zokonzekera ukwatiwu amayi ankangobwereza mawu amodzi, kuti sakufuna diresi kapena keke, akufuna aone ana awo atatu ataima pamodzi maso awo asanatsekeke. Ine ndinkapsa mtima, chifukwa munthu wosowa ndikanamutenga kuti?

Ndinayamba kumvera kakhadi. Kulowetsa imodzi, kudikira makina aikoke, ailize, ailavule ili yofunda, n'kuiika pamulu. Dzuwa la masana linkalowa pawindo n'kumaonetsa fumbi likuyandama. Ndinkawerenga mokweza kuti ndisasokonezeke. Itatuluka ya 72 ndinadziwongola, msana ukulira.

Kanyali kofiira ka pulinta kanayamba kuphethira. Kamatero makinawo akamadikira pepala lina. Ndinayang'ana pakompyuta: ntchito yatha, palibe chotsala. Ndinawerenga mulu uja kawiri, 72 ndendende. Ndinathimitsa pulinta n'kuiyatsanso. Inadzikokakoka, kukhosomola, kenako kanyali kaja kanayambiranso, phethi, phethi, modekha, ngati munthu amene sakufulumira koma sachoka.

"Idya, mwina ukhuta," ndinatero, n'kuilowetsera envulopu ina.

Inaikoka pang'onopang'ono kuposa zinzake. Itatuluka ndinaitembenuza. Pakati panali dzina la achimwene, lonse lathunthu, ndi lachiwiri lomwe lija ankadana nalo. Pansi pake panali dzina la chipatala cha m'tauni ina, ulendo wa maola anayi pabasi, wodi yachitatu, bedi 12. Pakona ya wotumiza panali dzina la bambo.

Ndinafufuza m'kompyuta monse. Dzina la achimwene munalibe, la chipatalacho munalibe, ndipo m'kabokosi ka wotumiza munali la amayi monga ndinalembera. Kanyali kaja kanali katasanduka kobiriwira.

Ndinapita nayo pakhonde kwa amayi. Amayi anavala magalasi, kuwerenga, n'kusisita pakona paja ndi chala chachikulu. Sanadabwe n'komwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa envulopuyo.

"Amayi, izi si zabwino. Tiiotche."

"Uotche kalata ya abambo ako? Wapenga?"

"Abambo anamwalira, amayi."

"Ukundiuza ine? Ndinalipo." Anaika khadi la ukwati m'katimo, kunyambita chotsekera, n'kumata. "Usaiponye ku positi, ichedwa. Upite nayo wekha."

Ndinayesa kuimba foni kuchipatalako, koma anandiyankha mwaulemu kuti za odwala sanena pafoni. Mawa lake ndinakwera basi yoyamba. Njira yonse ndinkadzinyoza: mzimayi wamkulu, wa ana awiri, kutumidwa ndi makina! Mtima wina unkafuna ndikapeze bedi 12 lili ndi mlendo, ndibwerere ndikaseke. Mtima wina unkapemphera kuti ndikawapeze.

Ndinafika nthawi yoonera odwala ya masana. Wodi yachitatu inali yaitali, yonunkha mankhwala okolopera, mawindo ali otsekula mbali zonse. Namwino wa padesiki atamva dzinalo anakweza maso.

"Ndinu wachibale? Bwanji osabwera kale? Agona muno masabata atatu. Pofunsa wachibale woti tizimudziwitsa anati alibe."

Masabata atatu. Bambo anali atagona m'manda zaka zinayi.

Ndikanapanda kuwerenga nambala pabedi ndikanawadutsa. Achimwene anga, aja ankandinyamula ndi dzanja limodzi, anali atatsala mafupa okhaokha, kachubu kali m'mphuno. Koma maso anali awo. Anandiyang'ana n'kumwetulira ngati tinasiyana dzulo.

"Mlongo wanga, wanenepatu. Wabwera nayo?"

"Chiyani?"

"Kalata. Anati ibwera ndi iwe."

Ndinakhala pampando wa pambali pa bedi. Ndinawapatsa envulopu ija. Anaitsekula bwinobwino ndi chikhadabo, kuwerenga khadi, n'kuseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa.

"Kamwana kaja kakukwatiwa! Kaja kankakodza pabedi panga?"

"Achimwene, ndani anakuuzani kuti ndibwera?"

"Bambo. Anabwera Lamlungu." Anapuma kaye, mpweya ukulira m'chifuwa. "Ndinkayesa andikalipira. Ayi ndithu. Anatulutsa cholembera m'thumba la jekete, n'kundifunsa wodi ndi nambala ya bedi. Anandibwerezetsa kawiri, ukuwadziwa. Kenako anandifunditsa bulangete kumapaziku. Koma mdala uja sakalamba, eti? Ali chimodzimodzi mmene ndinawasiyira."

Ndinadziuza kuti ndi malungo, odwala amaona zambiri. Ndiye bambo wina wa pabedi loyandikana, amene ankasenda lalanje, analowererapo.

"Mukunena achikulire a jekete lotuwa aja? Anakhala pomwe mwakhalapo. Aulemu kwabasi, anatipatsa moni wodi yonse."

Ndinaimirira pampandopo mosadziwa. Mawu anali pakamwa penipeni: achimwene, bambo kulibe, tinawaika popanda inu. Koma nkhope yawo inali itawala ngati ya mwana amene wakhululukidwa, ndipo ndinalephera. Ndinkawakonda, ndinali nditawakwiyira zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tsopano ndinali ndi mantha oti sindinawamvepo chibadwire.

"Mverani," ndinatero mofulumira. "Ndilankhula ndi adokotala. Ukwati uli Loweruka la sabata yamawa, koma ine ndibwera ndi galimoto Lachisanu. Ngakhale pa njinga ya odwala, mukaima pafupi ndi amayi. Akudikirani mpaka maso atha."

Anapukusa mutu papilo, akumwetulirabe.

"Usavutike ndi galimoto, mlongo wanga. Anati adzanditenga okha Loweruka m'mawa, tikafikire limodzi."

"Ayi! Ndibwera Lachinayi. Ndibwera mawa. Mukawaona muwauze kuti mwapita kale ndi ine, mwamva?"

"Iwe sunasinthe, ukali wako uja." Anaika envulopu pachifuwa n'kutseka maso. "Ndinawafunsa kuti ndidzavala chiyani, suti ndilibe. Anati ndisade nkhawa, ndisanyamule kanthu."

Ndinawagwira dzanja ndi manja anga onse awiri, mwamphamvu, mpaka anadandaula kuti ndikuwapweteka. Belu lotulutsa alendo litalira sindinawasiye.