Mapiritsi a Mayi Otília

Ndagi! Chishango changa sindinyamula, ndimachita kumeza. Mwalephera? Musadandaule, pali wina wamasukulu akuluakulu amene analepheranso.

Leopoldina anatsika chapa, kaminibasi kaja, pachipatala cha ku Matundo dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. M'manja anali ndi kapepala kochokera kwa namwino. Mwamuna wake ankayendetsa lole ya ku Beira, ndipo zimene lole imaona m'njira simabwera nazo kunyumba kudzanena. Ndiye mayiyu anafuna PrEP, mapiritsi amene munthu wopanda HIV amamwa kuti kachiromboko kasamulowe. Ankangofuna kulandira mwakachetechete n'kumapita.

Koma pawindo la mankhwala panali Victorino, mwamuna wa jekete yoyera ndi pakamwa posatseka.

"Dona Leopoldina!" anakuwa, mzere wonse n'kutembenuka. "Inu, mayi wapabanja? Awa ndi a atsikana oima pamlatho aja!"

"Ingondipatsani, bambo," anatero, nkhope ili pansi.

"Ine ndinaphunzira ku Maputo zaka zinayi. Piritsi lililonse ndimalidziwa ngakhale nditatsinzina. Mkazi wa ulemu wake samwa zimenezi. Funsani wa kunyumba kwanga."

Leopoldina anayamba kupinda kapepala kaja kuti abwerere chimanjamanja. Apo n'kuti Otília, mkazi wa Victorinoyo, ataima kale kumbuyo ndi botolo la malambe ozizira limene anawabweretsera amuna ake.

"Andifunse chiyani, bambo a Jéssica?"

"Ndikuti iwe sungamwe zotere."

"Iii! Nanga aja mumandipatsa m'mawa uliwonse aja, ndi madzi omwe, n'kumati imwa mkazi wanga usaiwale?"

"Aja ndi owonjezera magazi!"

"Chowonjezera magazi ndi botolo lokha. Ndinakhuthuliramo a PrEP omwewa chaka chatha, mutayamba misonkhano yanu ya Loweruka ku Chimadzi ija."

Abale inu, mzere unagwa nako kuseka. Gogo wina mpaka anasiya ndodo n'kugwira khoma. "Dotolo, tsinzinani mwina muwadziwa!" anakuwa wina.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Victorino anatenga botolo la mapiritsi pashelefu, n'kuyamba kuwerenga zolembedwa pamenepo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera ngati mwana wa kalasi yoyamba.

"Limodzi patsiku, mnzanga, osadumphitsa," Otília anauza Leopoldina, akumulandirira botololo m'manja mwa dotolo. "Ukamaiwala, upeze mwamuna wokukumbutsa ngati wangayu."